Kindle, Kobo, PocketBook, Boox kapena foni yomweyo: chiti chothandiza pa mabuku, pa intaneti ndi pophunzira chinenero?

Munthu akaganiza zogula kachipangizo kowerengera mabuku, kaja ambiri amangokatchula kuti e-reader, amakhala ndi ntchito zitatu m'mutu. Akufuna aziwerenga kwa maola maso osalema, azitsegulako intaneti, komanso kamuthandize pa chinenero chimene akuphunzira. Vuto ndi lakuti ntchito zitatuzi sizikokera mbali imodzi. Chimene chimakometsa kachipangizoka powerenga buku ndi chomwecho chimene chimakapundula pa intaneti. Ntchito yachitatuyo nayo imadalira chinthu chimene sichilembedwa n'komwe pa katoni: dikishonale yomwe ili m'katimo ndi mmene imafufuzira mawu.

Nkhani yonse imayambira pa sikirini. Ya foni imawala kuchokera kumbuyo, ndipo chithunzi chake chimajambulidwanso maulendo 60 kapena kuposa pa sekondi iliyonse. Ya e-reader ili ndi timatumba mamiliyoni ambiri tosaoneka ndi maso, ndipo m'kathumba kalikonse muli timadzi momwe mumayandama tinthu toyera ndi takuda. Mphamvu ya magetsi ikadutsa, takuda timakwera pamwamba toyera n'kumira, kapena toyera kukwera takuda n'kumira, ndiye chilembo chimaoneka. Tinthuto tikafika pamalo pake timangokhala pomwepo, osafunanso magetsi. Batire imadyeka makamaka mukatembenuza tsamba, mukayatsa kanyali kapena mukatsegula Wi-Fi, n'chifukwa chake munthu amakhala milungu ingapo osatchaja. Padzuwa zilembo zimaoneka bwino kuposa m'nyumba, monga zimakhalira ndi pepala, pomwe foni padzuwa mumachita kuitchinga ndi dzanja.

Luso limeneli linachokera ku MIT Media Lab ku America, komwe kunabadwira kampani ya E Ink, kutanthauza inki ya magetsi, mu 1997. Sony inatulutsa Librie ku Japan mu 2004, Amazon n'kubwera ndi Kindle mu Novembala 2007, Kobo mu 2010. Lero E Ink ndi kampani ya ku Taiwan, ndipo pafupifupi onse opanga ma e-reader amagula masikirini kumeneko. Mukandandalika Kindle, Kobo, PocketBook ndi Boox zomwe zonse zili ndi timadontho 300 pa inchi, masikirini ake ndi ana a bere limodzi. Zimasiyana pa pulogalamu yomwe ili mkati, pa zimene kampani ikukulolani kuchita ndi zimene ikukukanizani.

Koma tinthu tija timatenga nthawi kuti tisunthe. Tsamba limatembenuka mochedwerako, ndipo nthawi zina pamatsala mthunzi wa zilembo za tsamba lapitalo. Pofuna kuufufuta, sikirini imaphethira, kuda bii kenako n'kuyera mbee. Powerenga buku, likamatha tsiku loyamba simuzindikiranso n'komwe. Pa intaneti ndiye kuphethira kumeneku kumasanduka mavuto.

Kuwerenga mabuku

Pa nthano ndi mabuku ena a mawu okhaokha, zonse zinayi zimagwira ntchito bwino, moti kukangana kuti yoposa ndi iti n'kutaya mpweya. Zilembo mumakulitsa mmene mukufunira. Kanyali kamawalitsa tsamba kuchokera m'mphepete, osati kulasa m'maso, ndipo pa zambiri za masiku ano kuwalako mukhoza kukusintha kuti usiku kukhale kofiirira. Buku la mawu okhaokha ndi kafayilo kakang'ono, moti chipangizo cha 16 GB chimasunga mabuku masauzande, oti simungawamalize moyo wanu wonse. Chofunika kufunsa n'chakuti mabukuwo alowa bwanji, ndipo tsiku limene mudzafune kusamuka, mudzatuluka nawo bwanji.

Kindle inamangidwa mozungulira sitolo ya Amazon. Mukagula buku kumeneko limafika lokha, ndipo pamene mwalekezera pamadziwika pa foni ndi pa kompyuta pomwe. Zonse zimayenda myaa. Koma mabukuwo ali m'mafayilo a mtundu wa Amazon yokha, AZW3 ndi KFX, ndipo ambiri ndi okhomedwa ndi loko wotchedwa DRM, moti satseguka pa chipangizo cha kampani ina. Mu Febuluwale 2025 Amazon inatsekanso njira imene inkalola munthu kukopera pa kompyuta buku limene wagula kuti alilowetse yekha ndi chingwe cha USB. Fayilo ya EPUB, yomwe ena onse amagwiritsa ntchito, Kindle siitsegula mwachindunji. Kuyambira 2022 mukhoza kuitumiza kudzera pa Send to Kindle, n'kukasinthidwa kaye pa makompyuta a Amazon isanakufikeni. Izi zimafuna intaneti ndi akaunti.

Kobo, kampani ya ku Toronto yomwe inagulidwa ndi Rakuten ya ku Japan mu 2012, nayonso ili ndi sitolo yake, koma chitseko chake sichokhoma. Mumalumikiza chingwe, n'kuponya EPUB mkati ngati mukuika mafayilo pa fulashi, basi. M'maiko ena Kobo imalumikizana ndi malaibulale kudzera pa OverDrive, munthu n'kubwereka buku ali chigonere, koma zimatheka pokhapokha laibulale yanu ili m'dongosolo limenelo. PocketBook, yomwe inayambira ku Kyiv mu 2007 ndipo likulu lake lili ku Lugano ku Switzerland, ndiyo yosasankha: EPUB, PDF, FB2, DJVU, MOBI, DOCX, zonse imalandira ndi manja awiri. Zipangizo zake zambiri zikadali ndi mabatani otembenuzira tsamba, omwe opanga ena ayamba kuwasiya. Imayankha mochedwerako poyerekeza ndi Kindle, koma siikufunsani komwe mwalitenga bukulo.

Boox, ya kampani ya Onyx ya ku China, ndi nyama ina. Kunena zoona ndi tabuleti ya Android imene yavala sikirini ya inki. Mukhoza kuikamo pulogalamu ya Kindle, ya Kobo, ya Libby yobwerekera mabuku ku laibulale ndi ina iliyonse ya mu Google Play, ndiye mabuku a masitolo onse amakumana m'chipangizo chimodzi. Ufulu umenewu mumaulipira ndi batire, yomwe imakhala masiku m'malo mwa milungu, komanso ndi nthawi imene mumataya pokonza pulogalamu iliyonse kuti ioneke bwino pa sikirini yomwe eni ake sanaiganizire.

Fayilo ya PDF ili ndi khalidwe lakelake, ndipo ndi imene imakhumudwitsa ogula ambiri. Mawu a mu EPUB ali ngati madzi, amadzaza chotengera cha kukula kulikonse. PDF ndi tsamba louma kale, losapindika. Tsamba la A4 likafinyidwa pa sikirini ya mainchesi 6, zilembo zimasanduka nyerere, ndipo mukazikulitsa mumayamba kukankha tsamba uku ndi uku pa sikirini yochedwa ija. Wophunzira amene mabuku ake ambiri ndi a PDF asavutike ndi zazing'onozi. Ayang'ane za mainchesi 10 kupita m'mwamba, monga Kindle Scribe imene inatuluka mu 2022, Kobo Elipsa, kapena Boox za mainchesi 10.3 ndi 13.3. Zimenezi zimabwera ndi cholembera cholembera m'mphepete mwa tsamba, koma sizilowa m'thumba la jekete, ndipo mukaigwira ndi dzanja limodzi kwa ola mkono umadandaula.

Za mitundu sindichedwapo. Kobo Libra Colour ndi Kindle Colorsoft, zonse za mu 2024, zimagwiritsa ntchito sikirini ya Kaleido 3, yomwe imaonetsa mitundu 4,096. Mitunduyo ndi yotuwa ngati ya nyuzipepala yakale, imaoneka pa timadontho 150 pa inchi, ndipo kasefa kamene kamaibweretsa kamadetsa tsamba lonse pang'ono, moti mumayatsa kanyali ngakhale masana. Ngati mumawerenga nthano za zithunzi kapena mumakonda kudula mizere ndi mitundu yosiyana, zikukomerani. Ngati mumawerenga mawu okhaokha, yakuda ndi yoyera ndiyo yowala bwino.

Chipangizo chilichonse chimene mungasankhe, ikani Calibre pa kompyuta. Ndi pulogalamu yaulere imene Kovid Goyal anayamba kulemba mu 2006, ndipo imasunga mabuku, kuwasintha kuchoka pa mtundu wina wa fayilo kupita pa wina, ndi kuwatumiza ku e-reader. Mabuku akale amene nthawi ya umwini wawo inatha mumawapeza aulere ku Project Gutenberg, ntchito imene Michael Hart anayamba mu 1971 ndipo lero ili ndi mabuku oposa 70,000, ambiri a Chingerezi koma a Chifalansa, Chijeremani ndi Chipwitikizi aliponso.

Intaneti

Zonse zili ndi browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, ndipo ogulitsa sanama akamatero. Koma taonani mayina amene eni ake anaipatsa. Ya pa Kindle inakhala zaka zoposa khumi ikutchedwa Experimental Browser, kutanthauza yongoyesera. Ya pa Kobo anaibisa pansi pa Beta Features, malo a zinthu zosamalizidwa. Eni akewo akudziwa.

Masamba a pa intaneti anapangidwa kuti munthu azikankha ndi chala, mawu n'kumayenda chokwera. Pa sikirini ya inki, kukankha kulikonse kumafuna kuti tinthu tonse tija tisamuke, ndiye zilembo zimatsetsereka n'kusiya mithunzi, sikirini n'kuphethira, inu n'kusokonezeka pomwe munali. Onjezani zotsatsa malonda zovinavina, timabokosi topempha chilolezo totchinga theka la tsamba, ndi mavidiyo odziyambitsa okha. Kindle ndi Kobo zambiri zili ndi RAM ya 512 MB yokha, malo amene chipangizo chimagwirirapo ntchito zimene mwatsegula, yokwanira buku koma yoperewera pa webusayiti ya masiku ano. Kulemba pasiwedi pa kiyibodi ya pa sikirini yotere kumafuna mtima wa mlimi. Zimene zimayenda bwino ndi zochepa: Wikipedia, masamba a mawu okhaokha, kutsitsa buku ku Project Gutenberg popanda kompyuta, ndi kutsegula tsamba lija limafunsa chilolezo musanalowe pa Wi-Fi ya malo a anthu ambiri. Zimenezi n'zothandiza ndithu, koma musagule chipangizo chifukwa cha izo.

Boox imapita patsogoloko. Chrome ndi Firefox zimagwira, ndipo pali njira zofulumizitsa sikirini, zomwe zimapereka liwiro n'kulanda kuoneka bwino kwa zilembo. Palinso browser yaulere yotchedwa EinkBro, imene inalembedwera masikirini otere: m'malo mokankha mumangodina m'mphepete, tsamba n'kudumpha lathunthu ngati buku, ndipo imatha kuchotsa zokongoletsa n'kusiya mawu okha. Ndi imeneyi nkhani zazitali zimawerengeka bwinobwino. Vidiyo imaonekanso, koma ngati mukuonera kuseri kwa utsi. Ndiye pali china chimene ambiri sachiganizira. Mukaika imelo ndi mapulogalamu ochezera pa chipangizo chowerengera, mwaitana m'chipinda anthu omwe aja munkawathawa pa foni. Ine kuchedwa kwa browser ya Kindle ndi Kobo ndimakuona ngati mpanda wabwino.

Njira imene imagwiradi ntchito ndi yotembenuza nkhaniyi: m'malo mopita ku intaneti ndi e-reader, intanetiyo muibweretse ku e-reader. Masana mukapeza nkhani yaitali pa foni kapena pa kompyuta, mumaisunga, madzulo n'kuipeza pa chipangizo chanu itavulidwa zotsatsa zonse, yatsala mawu ngati mutu wa buku. Pa Kindle ntchitoyi imachitika ndi Send to Kindle, imene imalumikizidwa ku Chrome. Pa Kobo kwa zaka zambiri inkachitika ndi Pocket, pulogalamu yosungira nkhani zoti muwerenge nthawi ina, mpaka mwini wake Mozilla anaitseka mu Julayi 2025, Kobo n'kuika Instapaper m'malo mwake. Kusinthaku kukukumbutseni kuti chinthu chodalira kampani yachitatu chikhoza kuzimiririka chipangizo chanu chikadali chatsopano. Calibre ndiyo sidalira munthu: imatha kutolera nkhani za mawebusayiti amene mwasankha n'kuzimanga kukhala EPUB imodzi, ngati nyuzipepala yanuyanu. Pa Boox mukhozanso kuika Kiwix, yomwe imasunga Wikipedia m'chipangizo kuti muziwerenga popanda netiweki.

Amene akufunadi kumayendayenda pa intaneti, kutsegula masamba khumi nthawi imodzi, kuonera mavidiyo ndi kuyankha mauthenga, agule tabuleti wamba. Palibe e-reader imene idzamukhutiritse.

Kuphunzira chinenero

Apa ndi pomwe kachipangizoka kamaonetsa mphamvu, ndiponso pomwe kusankha molakwika kumapweteka.

Aliyense amene anayesapo kuwerenga nthano m'chinenero chachilendo ali ndi dikishonale ya pepala pambali akudziwa mmene zimathera. Mawu oyamba mumafufuza mokondwa. Pofika achisanu ndi chitatu pa tsamba lomwelo mwaiwala amene amalankhula, ndipo buku limabwerera pa shelefu. Pa e-reader mumangopanikiza chala pa mawuwo, tanthauzo n'kutulukira m'kabokosi pomwepo, maso osachoka pa chiganizo. Kanthu kakang'ono kameneka ndiko kamasiyanitsa kumaliza buku ndi kulisiya pa mutu wachiwiri.

Komabe dikishonale siichita zozizwitsa. Paul Nation, katswiri wa ku Victoria University of Wellington ku New Zealand, anaonetsa kuti munthu amawerenga momasuka popanda thandizo akamadziwa pafupifupi mawu 98 pa 100 aliwonse a m'bukulo, ndipo kuti nthano za Chingerezi zimafuna mabanja a mawu (tsinde pamodzi ndi mawu onse ochokera pa ilo) 8,000 mpaka 9,000 kuti munthu afike pamenepo. Tawerengetsani. Pa tsamba la mawu 300, kudziwa 98 pa 100 ndiye kuti achilendo ndi 6. Mukamadziwa 90 pa 100, achilendo ndi 30, ndipo ngakhale kupanikiza ndi chala maulendo 30 pa tsamba kumatopetsa. E-reader imakulolani kuwerenga buku lokuposani pang'ono. Lokuposani kwambiri limakhalabe lokuposani. Woyamba kumene ayambe ndi mabuku ofewetsedwa dala, aja amalembedwa ndi mawu owerengeka molingana ndi msinkhu wa wophunzira.

Kwa wophunzira Chingerezi, Kindle ndiyo yakonzeka kale. Imabwera ndi madikishonale a Oxford. Ili ndi Word Wise, yomwe imalemba tanthauzo lalifupi pamwamba pa mawu ovuta m'mabuku ambiri a Chingerezi a m'sitolo yake, inu n'kusankha kuti matanthauzowo achuluke kapena achepe. Ilinso ndi Vocabulary Builder, imene imasunga mawu aliwonse amene mwafufuza pamodzi ndi chiganizo chomwe munawapezamo, n'kuwasandutsa timakadi tobwerezera. Chiganizocho ndicho chuma, chifukwa mawu okumbukiridwa ndi malo ake sathawa msanga. Pa Kindle zambiri mawuwa amasungidwa m'kafayilo kotchedwa vocab.db, kamene anthu amakakopera pa kompyuta n'kukasamutsira mu Anki, pulogalamu yaulere yomwe imakubweretserani khadi pa nthawi imene mwatsala pang'ono kuliiwala. Mukasankha chiganizo chonse Kindle imathanso kuchimasulira, koma pokhapokha muli pa intaneti. Madikishonale a zinenero zikuluzikulu monga Chifalansa, Chijeremani, Chisipanishi, Chirasha, Chijapani ndi Chitchaina amatsitsidwa ulere.

Ndivomere pano kuti pa chipangizo changa choyamba ndinasonkhanitsa mawu mazanamazana, ndipo timakadi take ndinatitsegula kawiri kokha. Mndandandawo unkandisangalatsa pouona ukukula, ngati nkhokwe, koma m'mutu munalibe kanthu. Mawu amene ndinawagwiradi ndi amene ankabwera mobwerezabwereza m'buku lomwelo, mpaka tsiku lina ndinadutsa osawapanikiza. Choncho musalole kuti Vocabulary Builder yokha ikusankhireni chipangizo ngati mukudzidziwa kuti simuli munthu wa timakadi.

Kobo ili ndi madikishonale a chinenero chimodzi ndi ena omasulira pakati pa Chingerezi ndi zinenero zikuluzikulu za ku Europe, ndipo imalola kuti muikemo anu. Kosungira mawu kwake, kotchedwa My Words, n'kosauka poyerekeza ndi kwa Kindle. PocketBook nayo imalola madikishonale owonjezera.

Tsopano tifike pa chinthu chija sichilembedwa pa katoni. Dikishonale imasunga mawu m'maonekedwe amodzi, koma m'buku mawu amabwera atavala. Ife olankhula Chichewa izi sitifunika kuzifotokozeredwa kwambiri. Tengani mawu akuti sindinamuonenso. Mu dikishonale muli ona kapena kuona. Munthu amaona yekha kuti si- akukana, -ndi- ndi ine, -na- ndi kale, -mu- ndi iyeyo, -nso ndi kubwereza. Makina saona zimenezo. Amatenga zilembo zonse monga zilili, n'kuzifufuza pa mndandanda, akazisowa n'kukuuzani kuti mawuwo kulibe. Kuti apeze, wolemba dikishonale ayenera kuti analemberatu maonekedwe onse a mawuwo n'kuwalozera ku tsinde lake.

Pa Chingerezi ntchitoyi ndi yochepa, chifukwa mneni ngati go ali ndi maonekedwe asanu okha, ndipo madikishonale abwino anawalemba onse. Pa Chifalansa ndi Chisipanishi maonekedwe ndi ambiri koma ndi owerengeka, ndiye madikishonale obwera ndi chipangizo amawakwanitsa, ngakhale kuti timawu tomata ngati l' ndi qu' nthawi zina timasokoneza. Chijeremani chili ndi msampha wake: mneni anfangen amaduka pakati, fange n'kukhala koyambirira kwa chiganizo, an n'kukagwera kumapeto, ndiye mukapanikiza fange mumapatsidwa tanthauzo la kugwira pomwe wolemba akunena za kuyamba. Pa Chiswahili, Chituruki ndi Chifinishi, zomwe zimamanga mawu pomata tizidutswa monga timachitira ife, tsinde limodzi limabala maonekedwe osawerengeka, ndipo dikishonale yosakonzedwa bwino imalephera kawirikawiri. Chijapani ndi Chitchaina sizisiya mipata pakati pa mawu, ndiye chipangizo chiyenera kuganiza chokha pomwe mawu ayambira ndi pomwe athera. Kindle imachita bwino ndithu pa Chijapani, mpaka zolemba zotsika kuchokera pamwamba. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja, mavawelo aafupi salembedwa, ndipo timawu totanthauza "ndi" kapena "mu" timamatidwa kutsogolo kwa dzina.

N'chifukwa chake kwa wophunzira chinenero chomata kapena chosatchuka, dzina lofunika kulidziwa kuposa la kampani iliyonse ndi KOReader. Ndi pulogalamu yaulere yowerengera, yolembedwa ndi anthu odzipereka, imene mumaiika pambali pa ija inabwera ndi chipangizo. Pa Kobo, PocketBook ndi Android imalowa popanda vuto lalikulu. Pa Kindle imafuna kuti muthyole kaye loko wa pulogalamu ya Amazon, chinthu chimene kampaniyo siilola ndipo sichitheka pa Kindle iliyonse. KOReader imawerenga madikishonale a mtundu wa StarDict, ndipo mukhoza kuika angapo n'kumadumpha kuchoka pa wina kupita pa wina pa mawu omwewo. Ikasowa mawu imakupatsani ofanana nawo. Koposa zonse, imakulolani kukonza mawuwo m'kabokosi kofufuzira, n'kudula sindinamu- ndi -nso ndi dzanja lanu, n'kubweza -e kukhala -a, kutsala tsinde lija ona. Kudula kumeneko pakokha ndi phunziro la galamala. Ili ndi kosungira mawu kwake kokhala ndi nthawi zobwerezera, ndiponso imatha kumasula mizere ya PDF kuti ikwane pa sikirini yaing'ono. Choipa chake ndi mamenyu, omwe ali ngati nkhalango, moti sabata yoyamba mumasochera. Madikishonale a zinenero zing'onozing'ono ambiri amapangidwa kuchokera ku Wiktionary, dikishonale yaulere ya pa intaneti, ndipo pulogalamu ya PyGlossary imawasintha kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina. Ubwino wake umasiyana kwambiri kutengera kuti anthu anadzipereka bwanji pa chinenerocho.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamazunguza anthu mutu: fayilo ya buku imakhala ndi chizindikiro chobisika chonena chinenero chake, ndipo Kindle imasankha dikishonale potengera chizindikirocho. Buku la Chipwitikizi limene wolikonza analisiya lolembedwa kuti ndi la Chingerezi lidzakutsegulirani Oxford pa mawu aliwonse. Mukakumana nazo musaganize kuti chipangizo chawonongeka. Tsegulani bukulo mu Calibre, sinthani chinenerocho, mulitumizenso.

Chinenero ndi khutunso, ndipo apa Kindle ndi Kobo ndi zosauka. Zatsopano zili ndi Bluetooth, koma makamaka ya mabuku omvetsera a m'masitolo awo, ndipo dikishonale yake siitchula mawu kuti mumve. Pa Chifalansa kapena Chingerezi, momwe kalembedwe ndi katchulidwe sizimvana, munthu akhoza kudziwa mawu zaka zambiri akuwatchula molakwika mumtima. PocketBook zambiri zimatha kukuwerengerani buku mokweza m'zinenero zingapo, mawu ake a makina koma othandiza, ndiponso zimaseweretsa MP3 zanu. Boox imachita zonse zimene Android imachita: dikishonale yolankhula, mapodikasiti, ndi AnkiDroid, yomwe ndi Anki ya pa Android. Timakadi ta Anki timakoma kwambiri pa inki chifukwa sitiyenda. Mapulogalamu ophunzitsa chinenero okhala ndi tizithunzi todumphadumpha ndiwo amaoneka ngati akudwala.

Ine ndikanafunsidwa ndikanati wophunzira Chingerezi amene akufuna chinthu chongoyatsa n'kuyamba atenge Kindle. Wa chinenero china, makamaka amene mabuku ake amachokera kosiyanasiyana, atenge Kobo kapena PocketBook n'kuikamo KOReader. Boox ndi ya munthu amene sanyansidwa ndi kukonzakonza ndipo akufuna buku, khutu ndi timakadi pamalo amodzi.

Nanga foni yomwe muli nayo kaleyo? Tisainyoze. Pa kufufuza mawu imathamanga kuposa zonsezi, imatchula mawu mokweza, ndipo intaneti ndi kwawo. Imagonja pa zinthu zinayi: dzuwa, batire, maso akawerenga nthawi yaitali, ndi mauthenga omwe amagogoda muli pakati pa chiganizo. Kwa ena chachinayichi chokha n'chokwanira kugulira chipangizo china. Kwa ena, kuzimitsa data kwa ola limodzi kumathetsa nkhani yonse.

Foniyo ikhozanso kukhala poyesera musanagule. Pulogalamu ya Kindle ndi ya Kobo zilipo zaulere pa foni, ndipo KOReader ilipo pa Android. Ikani zimene mungathe, mutenge buku limodzi la m'chinenero chimene mukuphunzira, muike dikishonale imene mukuganiza kuti mudzagwiritsa ntchito. Sizifanana ndendende ndi za pa chipangizo chenicheni, koma zimakupatsani chithunzi. Pa tsamba limodzi sankhani mawu khumi, osati maina osavuta, koma aneni ovala mokwanira, a nthawi yakale, okana, okhala ndi tizidutswa kutsogolo ndi kumbuyo. Panikizani lililonse, muwerenge kuti ndi angati amene dikishonale yawapeza.